Mbale Yoyenda pa Foni: Kodi Msonkhamsonkha wa pa Intaneti Ndi Waphindu?

Uthengawu tonse timaudziwa. Umafika usiku pa gulupu ya WhatsApp ya kalasi kapena ya kwaya, kawirikawiri uli ndi chithunzi pamwamba, n'kutiuza kuti mnzathu wagwa m'mavuto ndipo kangachepe kalikonse titumize pa nambala yakutiyakuti. Pansi pake pamayamba mndandanda wa maina, aliyense ndi ndalama yomwe waponya. Ena timatumiza pompo. Ena timawerenga, n'kusuzumira zomwe zatsala mu foni, n'kukhala chete ngati sitinaone.

Poyamba mauthenga otere ankabwera pakagwa zovuta basi. Masiku ano amabwera pa fizi, pa lendi, pa laputopu yomwe yabedwa, pa opaleshoni, pa ulendo wopita ndi wodwala ku India, ngakhalenso pa mankhwala a chiweto.

Tiyerekeze kuti mnzathu wina kwawo ndi ku Tsangano. Bambo ake ali ndi ng'ombe ziwiri zokoka ngolo. Ngoloyo ndi yomwe imatuta kachewere ndi kabichi kuchoka kumunda kupita kumsika, katundu wa eni akewo ndi wa anthu ena olipira, ndipo fizi ya mnzathuyu imachokera pamenepo. Tsopano ng'ombe imodzi yasiya kudya, yatupa pansi pa khutu, ikupuma movutikira. Alangizi a ziweto atchula mankhwala ofunika, koma m'nyumba mulibe ndalama poti mbewu sizinakumbidwe. Mnzathuyu ali ku hositelo kuno ku Lakeview, foni ili m'manja. Alembe pa gulupu? Aike pa Facebook? Zimuthandiza, kapena angodzivula pagulu pachabe?

Funso limeneli likhoza kufikira aliyense wa ife, kaya ngati wopempha kapena wopemphedwa. Tiyeni tilione bwinobwino lisanatifikire.

Mbaleyi ndi yakale

Kusonkherana sikudabwere ndi intaneti. Makolo athu ankaitanirana dima: munda wa mmodzi ukalowa thengo, anzake ankabwera ndi makasu, tsiku lina n'kupita kwa wina. Pamaliro, mpaka lero, mbale imayenda, mlembi amalemba m'kope dzina la aliyense ndi chipepeso chake, kenako zonse zimalengezedwa anthu akumva. Amayi a Dorika amasonkha ufa, sopo ndi nkhuni pokaona wodwala. Kuli chipereganyu, kuli banki m'khonde.

Tikaonetsetsa, njira zonsezi zimaima pa miyendo itatu. Opereka amamudziwa wovutikayo, kwawo ndi abale ake. Vutolo amaliona ndi maso: maliro ali pakhomopo, udzu uli m'mundamo. Ndipo ndalama imawerengedwa poyera. Pamwamba pa izi aliyense amadziwa kuti kupatsa n'kuika. Dzina lako likasowa m'kope la maliro a eni, anthu adzakumbukira tsiku lako likadzafika.

Foni yangotalikitsa ulendo wa mbaleyi. Airtel Money idayamba m'dziko muno mu 2012, TNM Mpamba mu 2013, ndipo kuyambira pamenepo munthu ali ku Mzuzu akhoza kuponya m'mbale ya ku Ntcheu asanadzuke pampando. M'bale yemwe ali ku Joni amatumiza kudzera ku Mukuru tsiku lomwelo. Koma mbale ikapita kutali, miyendo itatu ija siitsatira yokha. Wopereka sakumudziwa wopempha, vuto sakuliona, ndipo kope la mlembi palibe. Zabwino ndi zoipa zonse za msonkhamsonkha wa pa intaneti zimachokera pamenepa.

Njira zitatu zomwe zilipo

Njira yoyamba, yomwe ambiri a ife timagwiritsa ntchito, ndi gulupu ya WhatsApp ndi nambala ya Airtel Money kapena Mpamba. Ndi yachangu, siifuna akaunti ya kubanki, ndipo anthu ake amadziwana. Malire ake ndi akuti imafika kwa anthu okhawo omwe ali pa gulupuyo, ndipo ophunzira tonse matumba athu ndi ofanana. Tiyerekeze gulupu ya anthu 60, aliyense n'kupereka K1,000 osatsalapo ndi mmodzi yemwe. Zonse pamodzi ndi K60,000. Tonse tikudziwa kuti sizichitika kuti onse apereke.

Njira yachiwiri ndi kuika pempho poyera pa Facebook, makamaka kudzera mwa munthu wotchuka yemwe ali ndi omutsatira ambiri. Dziko lino laonapo mphamvu ya njirayi. Woimba Patience Namadingo wasonkhetsapo ndalama zothandizira odwala khansa. Mu Januwale 2021, Covid-19 itafika povuta, mlembi Stanley Onjezani Kenani adatsogolera Amalawi wamba, a kuno ndi a kunja, kusonkha mamiliyoni ambirimbiri omwe adagulira zipangizo za mpweya wa okosijeni ndi katundu wina wa m'zipatala. Koma anthu otchukawa amalandira madandaulo ochuluka kuposa omwe angathe kunyamula, ndipo amasankha ochepa. Mwayi woti nkhani ya ng'ombe ya ku Tsangano isankhidwe pakati pa nkhani za ana odwala ndi wochepa kwambiri.

Njira yachitatu ndi masamba a pa intaneti omwe ntchito yawo ndi yomweyi. Lotchuka kwambiri ndi GoFundMe, lomwe lidayamba ku America mu 2010. Ku Kenya kuli M-Changa, ku South Africa kuli BackaBuddy. Pali chinthu chimodzi chomwe ambiri sitidziwa mpaka titayesa: GoFundMe imalola anthu a m'mayiko owerengeka okha, monga America, Canada, Britain, Ireland ndi Australia, kutsegula pempho n'kulandira ndalama ku banki yawo, ndipo Malawi palibe pa mndandandawo. Mmalawi wofuna kuigwiritsa ntchito amafunika m'bale kapena mnzake wokhala kumeneko kuti atsegule m'dzina lake. Ndalama zimayamba zalowa mu akaunti ya munthu ameneyo, kenako iye n'kutumiza kuno. Panjira zimadulidwa kawiri. Ku America tsambali limatenga 2.9 peresenti ya chopereka chilichonse, kuwonjezapo masenti 30, ndipo wotumiza ndalama kuno amadulanso yake. Zimatenganso masiku. Njirayi imathandiza banja lomwe lili kale ndi anthu ake kunja komanso vuto lomwe likhoza kudikira.

Kodi amapereka ndani?

Maloto a aliyense woika pempho pa intaneti ndi akuti munthu wachifundo wosamudziwa, wa ndalama zake, aliona n'kukhudzidwa. Zimachitika, koma mwa apo ndi apo, ndipo nkhani zoterezi ndi zomwe zimafala, pamene za anthu omwe sadapeze kanthu palibe amazikamba.

Akatswiri awiri a ku University of Washington, Nora Kenworthy ndi Mark Igra, adafufuza mapempho 437,596 a ndalama zachipatala omwe adaikidwa pa GoFundMe ku America kuyambira 2016 mpaka 2020, ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2022. Adapeza kuti mapempho omwe adakwanitsa ndalama yomwe ankafuna sadafike 12 pa 100 aliwonse. Pafupifupi 16 pa 100 aliwonse sadalandire ngakhale dola imodzi. Chomvetsa chisoni kwambiri n'chakuti anthu a m'madera osauka, omwe ankasowadi thandizo, ndi omwe ankapeza zochepa, pamene a m'madera olemera ankapeza zambiri.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Oyamba kupereka ndi abale, anzako a kusukulu, a kuntchito ndi a kumpingo. Ngati anthu amenewa ali ndi ndalama, pempho limayenda, ndipo alendo akaona kuti ena apereka kale amalimba mtima nawonso. Ngati anthu ako ndi osauka ngati iwe, pempho limangoima. Izi zidapezeka ku dziko lomwe pafupifupi aliyense ali ndi intaneti ndi khadi ya kubanki. Kwathu kuno, komwe bandulo timachita kuiwerengera, sitingayembekezere kuti zikhala bwino kuposa pamenepo.

Pali kukondera kwina. Intaneti imamvera yemwe amadziwa kufotokoza. Wodziwa Chingerezi, wokhala ndi foni yojambula bwino, wokhala ndi nkhani yogwira mtima amapeza thandizo msanga kuposa gogo wa ku Kasinje yemwe vuto lake ndi lalikulu koma alibe womulembera. Mwana amakhudza mitima kuposa munthu wamkulu, ngozi yadzidzidzi kuposa matenda a mgonagona. Choncho tikamapereka pa intaneti pokha, thandizo lathu limathamangira kwa odziwa kupempha, n'kudumpha ena omwe tikukhala nawo pa benchi imodzi tsiku la Sabata.

Phunziro lake ndi ili: intaneti siibala anthu atsopano otikonda. Imafulumizitsa mbale kufika kwa omwe amatidziwa kale. Tisanalembe pempho, tikhoza kuwerenga pa zala anthu omwe angapereke, ndipo ndalama yomwe tidzapeze siidzasiyana kwambiri ndi yomwe tawerengayo.

Nanga za chiweto?

Ku mayiko a azungu anthu ambiri amapempha ndalama pa intaneti kuti alipirire opaleshoni ya galu kapena mphaka, chifukwa kumeneko ziwetozi amazitenga ngati a m'banja, ndipo madokotala a ziweto ndi okwera mtengo. Kuno munthu atalemba pa gulupu kuti timusonkhere ndalama ya galu, ambiri tingamuseke, mwinanso kumukwiyira, poti pa gulupu pomwepo pali wina yemwe sanadye. Koma ng'ombe ya ngolo ndi nkhani ina. Ku Ntcheu ng'ombe, mbuzi ndi nkhuku ndi banki ya banja. Zikafa, fizi yafa, feteleza wafa. Ndiye pempho la mnzathu uja si lachibwana.

Komabe pali zifukwa zitatu zomwe intaneti siikhala njira yabwino pa vuto lotere.

Choyamba ndi nthawi. Matenda obwera ndi nkhupakupa, monga East Coast fever, sadikira. Mankhwala ake amagwira ntchito bwino akaperekedwa matenda atangoyamba. Ng'ombe ikafika potulutsa thovu m'mphuno, kawirikawiri zimakhala kuti zachedwa. Pempho lomwe litenge sabata kuti lidzaze likhoza kudzaza ng'ombe itafa kale, ndipo pamenepo pamabuka funso lovuta lakuti ndalamazo zipite kuti.

Chachiwiri ndi chakuti anthu omwe ng'ombeyo imawakhudza sali pa intaneti. Ali kumudzi konko. Ndi alimi omwe amadalira ngoloyo kututa kachewere wawo. Bambo aja akhoza kupita kwa atatu kapena anayi mwa iwo n'kuwapempha kuti alipiriretu maulendo a nthawi yokolola. Pamenepo sipakhala kupempha ulere. Ndi malonda omwe onse apindula nawo. Mayi ake ngati ali mu banki m'khonde, magulu ambiri amakhala ndi kathumba ka zadzidzidzi, kapena akhoza kutenga ngongole yobweza akagulitsa mbewu. Kugulitsa mbuzi imodzi kuti upulumutse ng'ombe n'kowawa, koma kumachitika tsiku limodzi. Ndipo amalume omwe ali ku Joni ndi bwino kuwaimbira mwachindunji kusiyana n'kuti aone nkhani ya kwawo pa Facebook.

Chachitatu ndi chakuti matenda ambiri a ziweto ndi opeweka pa mtengo wochepa. Kupopera kapena kusambitsa ng'ombe mankhwala opha nkhupakupa nthawi yake, makamaka m'dzinja, kumatchipa kuposa kuchiza. Katemera wa East Coast fever amapangidwa konkuno, ku Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases ku Lilongwe. Chitopa, chomwe chimatha kusesa khola lonse la nkhuku m'masiku ochepa, chili ndi katemera wa I-2 wongodontheza m'diso, yemwe amaperekedwa miyezi ingapo iliyonse. Anthu akhoza kutisonkhera kamodzi ng'ombe ikadwala. Ikadwalanso chaka chamawa chifukwa cha nkhupakupa zomwezo, adzafunsa kuti tidaphunzirapo chiyani.

Tichenjezanenso pano. Chiweto chikadwala, mayesero amakhala oti tichiphe msanga n'kugulitsa nyama kuti tipezepo kangachepe. Nyama ya chiweto chodwala, kapena chomwe changobayidwa mankhwala, ikhoza kudwalitsa anthu. Alangizi a ziweto ndi omwe ayenera kunena ngati ili yoyenera kudyedwa.

Mtengo womwe sitiuwerengera

Timaganiza kuti kupempha pa intaneti n'kwaulere. Walira mvula walira matope.

Mtengo woyamba ndi chinsinsi. Kuti anthu akhulupirire, amafuna umboni, ndiye timaika chithunzi cha wodwala ali pabedi, kalata ya adokotala, pepala la ngongole ya kusukulu. Zikangotuluka sizibwereranso. Chithunzi cha mayi athu atafooka chidzakhala mu mafoni a anthu omwe sitikuwadziwa iwo atachira kalekale. Matenda ena, munthu sangafune kuti apongozi ake kapena abwana ake a m'tsogolo adziwe. Kodi wodwalayo tidamufunsa? Ngati ndi mwana, adzamva bwanji akadzakula n'kupeza chithunzi chake chikuyendabe?

Mtengo wachiwiri ndi ufulu. Anthu akakusonkhera amamva kuti ali ndi gawo pa moyo wako. Wophunzira yemwe anzake amulipirira fizi akaoneka ndi nsapato zatsopano, manong'onong'o amayamba, ngakhale nsapatozo zili zopatsidwa ndi azakhali ake. Si chilungamo, koma ndi mmene anthu tilili, ndipo wopempha ayenera kudziwiratu.

Mtengo wachitatu umagwera tonse. Gulupu ili ngati chitsime cha m'chilimwe: ukatunga kawirikawiri chimaphwa. Mapempho akachuluka anthu amatopa, amayamba kungodutsa osawerenga, ena amatuluka pa gulupu. Tsiku lomwe kudzagwe vuto lenileni la moyo ndi imfa, mbale idzabwera yopepuka chifukwa tidaitopetsa ndi zinthu zomwe zikadatheka mwa njira ina. Mndandanda wa maina uja nawonso uli ndi minga yake. Umathandiza kuti ndalama ziwerengeke poyera, koma umachititsa manyazi yemwe alibe. Alipo anzathu omwe amatumiza ndalama ya chakudya chawo poopa kuti dzina lawo lisowa. Ndi bwino kulola ofuna kupereka mosatchulidwa dzina kuti alembedwe ndi nambala chabe.

Pomaliza pali ndalama yodulidwa potumiza ndi potapa kwa ejenti, komanso kugwa kwa kwacha. Mu Novembala 2023 ndalama yathu idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Aliyense yemwe ankasonkhetsa makwacha kuti akalipire chipatala cha kunja adadzuka n'kupeza kuti phiri lomwe ankakwera latalika. Msonkhamsonkha wotenga miyezi umathamangitsana ndi mitengo yomwe siima.

Akamberembere ndi nkhani ya kukhulupirika

Pomwe pali chifundo, akuba nawo amafikapo. Mu 2017 ku America, mwamuna ndi mkazi ena adafalitsa nkhani yakuti bambo wina wosowa pokhala adapereka madola 20 ake omaliza kuthandiza mkaziyo galimoto itamuthera mafuta. Anthu zikwizikwi adakhudzidwa n'kusonkha madola oposa 400,000 pa GoFundMe. Pambuyo pake zidadziwika kuti atatuwa adapangana n'kupeka nkhaniyo. Adaimbidwa milandu, ndipo tsambalo lidabweza ndalama kwa opereka.

Kuno kulibe wotibwezera. Ndalama ikapita pa nambala ya munthu n'kutapidwa, kuipezanso n'kovuta. Njira za akubazi tazionapo: kutenga chithunzi cha wodwala weniweni n'kusintha nambala yokha, kutsegula tsamba m'dzina la munthu wotchuka, kapena kulanda akaunti ya WhatsApp ya mnzathu n'kuyamba kulembera anzake onse kuti ali pa vuto. Kupeza ndalama mwachinyengo ndi mlandu pa malamulo a dziko lino, ndipo tikakumana nazo tiyenera kukanena ku polisi ndi ku kampani ya foni. Koma chitetezo chachikulu ndi kuimba foni. Tisanatumize, timve mawu a munthuyo kapena a m'bale wake yemwe tikumudziwa, ndipo tione ngati dzina lomwe likutuluka pa nambalayo ndi lomwe latchulidwa m'pempho.

Chomwe chimaononga magulu ambiri si akuba a kunja. Ndi mnzathu wabwinobwino yemwe adalandira ndalama pa nambala yake, zidasakanikirana ndi zake, adabwerekako pang'ono kuti abweza mawa, ndipo pofika tsiku lopereka masamu sakugwirizana. Sadafune kuba, koma ubale watha ndipo gulupu siidzasonkhanso ndi mtima wonse.

Apa ndi pomwe ntchito ya a Kenani ya mu 2021 ili ndi phunziro. Anthu adapitiriza kupereka chifukwa ankauzidwa pafupipafupi pa Facebook ndalama zomwe zalowa, zomwe zagulidwa ndi komwe zapita. Kope la mlembi wa pamaliro lija lidabwerera, ulendo uno pa intaneti. Nzeruyi ndi yakale mu mpingo. Mtumwi Paulo posonkhetsa thandizo la abale osauka a ku Yerusalemu sadafune kunyamula thumba yekha. Pa 2 Akorinto 8 akufotokoza za m'bale yemwe mipingo idamusankha kuti ayende nawo limodzi, n'cholinga choti pasapezeke wowakayikira pa kayendetsedwe ka mphatsoyo. Ngati Paulo adafuna mboni, msungichuma wa kalasi yathu asakhumudwe tikamupempha malisiti.

Fizi ndi zina zobwerezabwereza

Pempho lomwe timaliona kwambiri pa sukulu ndi la fizi, makamaka mayeso akayandikira. Apa tiyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri. Wophunzira wa chaka chomaliza yemwe watsala ndi kagawo kochepa kuti alembe mayeso ake otsiriza, vuto lake lili ndi malire. Tikamusonkhera, nkhani yatha, ndipo zaka zinayi za khama lake zapulumuka. Msonkhamsonkha umagwira ntchito bwino pamenepa.

Wophunzira wa chaka choyamba yemwe alibe womulipirira, vuto lake lidzabweranso semesita iliyonse. Ulendo woyamba anthu adzapereka mokondwa, wachiwiri mochepa, wachitatu adzakhala chete. Ameneyu tikamuthandiza ndi gulupu yokha, tangomuchedwetsera tsiku lolira. Akufunika njira yokhazikika: kulembera ngongole ku Higher Education Students' Loans and Grants Board, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, kukakambirana ndi ofesi ya zachuma ya sukulu nthawi ikadalipo za kulipira pang'onopang'ono, kufunsa abusa ndi akulu a mpingo wa kwawo ngati pali banja kapena gulu lomwe lingamutenge mpaka amalize, ndi kupeza ganyu kapena kabizinesi pa tchuthi. Anthu asanu omwe alonjeza ndalama yodziwika mwezi uliwonse amaposa anthu 100 operekapo kamodzi.

Chimodzimodzi lendi, mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, ndi chisamaliro cha ziweto. Chilichonse chomwe chimabwera mwezi ndi mwezi chimafuna dongosolo la mwezi ndi mwezi.

Ndiye ndi waphindu liti?

Tikaphatikiza zonsezi, msonkhamsonkha wa pa intaneti umapindula vuto likakhala ladzidzidzi, lochitika kamodzi, la ndalama yodziwika, lotsimikizika, ndiponso pamene wovutikayo ali ndi anthu omudziwa omwe ali patali koma akhoza kuthandiza. Thiransipoti yopita ndi wodwala ku Kamuzu Central Hospital, denga lomwe lasasuka ndi mphepo, kubweretsa thupi la m'bale kuchokera ku Johannesburg, kagawo komaliza ka fizi: izi foni imazitha bwino kuposa mbale ya pamanja.

Ngati tatsimikiza zopempha, tiyambe ndi a pafupi: banja, mpingo, kenako gulupu, ndipo poyera pakhale pomalizira. Titchule ndalama yeniyeni, ntchito yake ndi tsiku lotsekera. Tinenenso zomwe banja lapeza kale palokha, chifukwa anthu amakonda kukankha ngolo yomwe mwini wake akukankha. Ndalama isalandiridwe ndi wovutikayo yekha. Pakhale anthu awiri odalirika, monga mdikoni ndi mtsogoleri wa kalasi, ndipo ngati n'kotheka ilipiridwe mwachindunji ku sukulu, ku chipatala kapena kogula mankhwala. Tigwirizaniretu komwe zotsala zidzapite, komanso chomwe chidzachitike ngati ndalamayo siikwana kapena wodwalayo watisiya. Wodwala avomereze chithunzi chake chisanatuluke, ndipo pomwe kalata ikukwanira, chithunzi chisiyidwe. Zonse zikatha, tibwerere pa gulupu ndi malisiti ndi mawu othokoza. Ambiri timaiwala gawo limeneli, chonsecho ndi lomwe limatsegulira khomo mnzathu yemwe adzapemphe pambuyo pathu.

Ngati ndife opemphedwa, titsimikize kaye, kenako tipereke zomwe tingathe popanda kudziimba mlandu pa zomwe sitingathe. Tisatumize uthenga ku magulu ena ngati ife eni sitinaufufuze, chifukwa omwe aulandire adzapereka pokhulupirira dzina lathu. Ndipo tikumbukire kuyang'ana pambali pathu, kwa uja yemwe sadzalemba pa gulupu ngakhale zitavuta chotani.

Pali chinthu china chomwe makalasi, makwaya ndi magulu a achinyamata tikhoza kuyamba semesita ino osadikira tsoka: kathumba ka zadzidzidzi, kofanana ndi ka amayi a banki m'khonde. Aliyense aziponya kandalama kochepa kogwirizana mwezi uliwonse, pakhale osunga awiri, kope limodzi ndi malamulo olembedwa onena mavuto omwe kathumbako kangathandize. Vuto likagwa, thandizo limatuluka tsiku lomwelo, popanda chithunzi cha munthu kuyenda m'mafoni.

Tibwerere kwa mnzathu wa ku Tsangano. Ife tikadamulangiza kuti usiku womwewo aimbire bambo ake, amve mtengo weniweni wa mankhwala kuchokera kwa alangizi, ndipo m'mawa bambowo aonane ndi alimi omwe amabwereka ngolo, mayi apite kwa anzawo a banki m'khonde, iye aimbire amalume. Pakatsala kagawo, auze anzake apamtima asanu kapena khumi, ndi ndalama yake yeniyeni, ndipo tikhulupirira kuti ambiri a ife sitingamukanize. Facebook aisunge. Ng'ombe ikachira, ndalama yoyamba ya ngolo igule mankhwala a nkhupakupa mvula isanagwe.